Amene Anapita ndi Dzina Langa

Dzina langa lobadwa nalo ndi Tikhala, koma kwa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri anthu a pa esiteti akhala akundiitana Tamando. Tamando weniweni ndi mnzanga amene tinabadwa mapasa. Iyeyo ndi dokotala wa ana ku Blantyre, ndipo mapepala ake onse amati Tikhala.

Tinali Sitandade 2 pamene amayi anamwalira. Aphunzitsi athu, Mayi Nyirenda, anali a ku Mzimba ndipo analibe mwana. Atalandira kalata yowasamutsira ku Zomba, anabwera ku komboni kudzaonana ndi abambo athu, a Fackson, amene ankathyola tiyi.

"Mundipatse Tikhala ndikamuphunzitse," anatero. "Mwana ameneyu mutu wake ndi wina. Akakhala kuno ungowonongeka."

Sananame. Samu ndinkamaliza anzanga asanasongole pensulo. Tamando ankalemba 5 woyang'ana kumbuyo, ndipo masiku ambiri ankabwerera kunyumba akulira.

Abambo anavomera. Koma sabata ya ulendo ndinadwala chikuku, maso osatseguka, thupi lotentha. Lole ya katundu wa aphunzitsi inali itafika kale. Abambo anasambitsa Tamando, namuveka diresi yanga, namuuza kuti, "Kuyambira lero ndiwe Tikhala. Akakufunsa samu, uziti mutu ukupweteka." Nkhope zathu ngakhale azakhali ankazisokoneza. Mayi Nyirenda sanazindikire kanthu.

Nditachira ndinabwerera kusukulu ndi dzina la mnzanga. Mphunzitsi watsopano anali atamva kale kuti Tamando sakhoza, ndiye anandikhazika kumbuyo. Ndikakweza dzanja ankaloza wina. Kenako ndinangosiya kukweza. Ndinalekezera Sitandade 5 msana wa abambo utayamba kuvuta, ndipo nditakula pang'ono ndinamangirira dengu kumsana.

Abambo anamwalira mu June chaka chino, nyengo ya chiperoni. Mnzanga uja anafika m'mawa wa tsiku loika maliro. Zaka zonsezi anali atabwerako katatu kokha, ndipo nkhani ija sitinaikambepo. Anavala chitenje pamwamba pa buluku, nakhala pamphasa pambali panga. Anthu ankayang'ana nkhope yake, kenako yanga, kenako manja athu.

Titabwerako kumanda ndinkagawa madzi osamba m'manja, ndipo ndinamva a Mervin, mkulu wa mpingo, akuuza anzawo: "Nzeru ndi magazi. Mapasa amatero, wina amatenga zonse akadali m'mimba. Dokotalayu anaonekeratu ali wamng'ono."

A Anesi, amene timathyola nawo mzere umodzi, anayankha ali kumoto: "Ayi abambo, ndi kaleredwe. Mwana wa nsapato ndi magetsi angalephere bwanji?"

Ine ndinawathira madzi a Mervin, iwo nasamba. Sindinamve mkwiyo, sindinamvenso chisoni. Zinali ngati akukamba za anthu a ku Thekerani amene sindinawaonepo.

Patapita masiku atatu ndinabwerera kuntchito, ndipo dokotala anati anditsatira. Nkhungu inali isanachoke m'munda. Anayesa kuthyola, koma ankadula ndi masamba okhwima omwe.

"Awiri okha ndi kansonga, achemwali," ndinamuuza. "Enawo akawakana pa sikelo."

"Bwanji ukunditchula achemwali? Si ine mnzako?"

"Pakamwa pazolowera."

Tinayenda pang'ono. Ndinaima pa chitsamba china n'kutembenuza tsamba.

"Chatani?" anafunsa.

"Tizilombo talowa. Sabata yamawa mbali yonse iyi ikhala ndi madontho akuda. Ndiwauza akapitawo."

Anayang'anitsitsa tsambalo nthawi yaitali. "Ine sindikuona chilichonse."

Kenako anayamba kulankhula osandiyang'ana. "Chaka choyamba ku Zomba ndinalephera mayeso onse. Mayi Nyirenda ankati ndi chisoni cha maliro a amayi. Tsiku lililonse ankandikhazika patebulo n'kunena kuti, 'Iwe ndimakudziwa, ndiwe wanzeru, zibwerera.' Ndinkaopa kuti akadziwa andibweza, ndiye ndinkawerenga mpaka maso kuwawa. Pofika Sitandade 4 ndinali nambala wani. Mayi Nyirenda mpaka anamwalira akuuza alendo kuti anandizindikira ndili ndi zaka zisanu ndi ziwiri."

"Sunawauze?"

"Ndinkafuna. Ali m'chipatala ndinatsegula pakamwa kawiri." Anataya masamba amene anali m'manja. "Ukanapita iweyo, bwenzi pano uli ndani?"

Ndinayesa kuganiza. Ndinayesa kudziona ndili m'chipinda cha matailosi, nditavala choyera. Palibe chimene chinabwera. Manja anga anali akuthyolabe okha.

"Kaya," ndinatero.

"Sukwiya nane?"

"Unali mwana. Nanenso ndinali mwana."

"Nanga abambo?"

"Abambo tawaika Lachitatu."

Iye analira, ataimirira pakati pa mizere, chitenje chitanyowa ndi mame mpaka m'chiuno. Ndinamudikira. A Anesi anasuzumira ali patali, n'kupitiriza ntchito. Ndinkadziwa kuti ndiyenera kumugwira paphewa, ndipo ndinamugwira, koma dzanja langa linali ngati la munthu wina.

Atatonthola anati ku Goliati kuli sukulu ya akuluakulu, akhoza kundilembetsa ngati ndikufuna. Ndinati ndiganiza. Anati adzabweranso pa Khirisimasi ndi ana ake. Ndinati abwere.

Anachoka masana, galimoto ikuterereka m'matope a msewu wa ku fakitale. Nditaweruka ndinatsuka mapoto amene tinabwereka pa maliro n'kukawabweza kumpingo. A Mervin anandifunsa ngati adokotala anafika bwino. Ndinati sindinamve, koma msewu wa tala si woipa.