Chikopa mu Tsabola wa NyaLao

Prisca anayamba kukayikira kabotolo kaja tsiku limene anapeza mwana wake Masuzgo akutsuka mbale kuseri kwa nyumba, uku akuimba. Munthu amene chibadwire sankadziwa ngakhale pokhala chinkhupule.

Masuzgo anabwerako kusukulu ya za nsomba kunja ndi mkazi wa ku Laos, dzina lake Khamla, amene amayi a pamsika anangomutcha NyaLao. Pa chakudya chilichonse NyaLao ankatulutsa kabotolo ka tsabola wakuda, wonata ngati phula, n'kumutapira mwamuna wake pambali pa usipa. Ankati kwawo amamutcha jeo bong, ndipo munthu amaumba mpunga m'manja n'kususa mmenemo, m'mawa ndi madzulo omwe. Masuzgo ankasusa ndi kondowole, nsima ya chinangwa, thukuta lili kamukamu.

Thandie, mnzake wa Prisca ku Umanyano wa amayi a mpingo, anati nkhaniyo ndi yosachita kufunsa: tsabola ameneyo ndi khuzumule, ndipo chaka chisanathe mwanayo adzakwera ndege osacheukanso. Prisca anali ndi mwana mmodzi yekhayo.

Lachiwiri lina, awiriwo atatsikira kudoko, Prisca anatapako pang'ono tsabola uja n'kumwaza pa tsamba la nthochi. Anazindikira adyo ndi anyezi wootcha, fungo la nsomba, ndi muzu wina wonga jinja. Kenako chala chake chinagunda tinthu tolimba, toduladula bwino. Atatsuka kamodzi anaona kuti ndi chikopa. Anaponyera galu, galu ananunkhiza, n'kuyetsemula, n'kuchoka.

Kuyambira pamenepo pemphero la chakudya linatalika, koma Prisca ankapemphera diso limodzi lili pa kabotolo. Anaona kuti NyaLao amamusankhira iye nsomba yopanda minga yambiri. Anati mwina ndi nyambo. Anaonanso kuti tsabola uja akutha, ndipo mtsikanayo akamutapira mwamuna wake, iye amangopukuta m'mbali mwa botolo ndi kambamu kakang'ono, n'kukatafuna nthawi yaitali atatsinzina. Ichi ndicho chinamusowetsa mtendere Prisca. Kodi wothira mankhwala amadya yekha mankhwala ake, n'kuchita kuwasirira chotere?

Loweruka NyaLao anabwera pamene Prisca ankatola makaka pathandala, nagwada monga anamuphunzitsira. M'Chichewa chake chodukaduka anafunsa komwe angagule chikopa cha ng'ombe. Cha kwawo chimakhala cha njati yoweta, anatero, ndipo botolo limene amayi ake anamupangira pochoka latha.

“Chikopa m'ndiwo n'chachiyani, mwana wanga?”

“Kutafuna, Ama. Popanda icho, kudya kumatha msanga.”

Prisca anamutuma kuti abweretse kabotolo ndi kondowole wotsala masana. Mumtima anati, Ambuye, ngati ndi mankhwala andigwire inenso, ndione kumene mwana wanga akupita. Anapala pansi penipeni, nadya. Kunayamba kutsekemera, moto unabwera pambuyo, ndipo misozi itayamba kutsika kachikopa kanali kadakali m'kamwa.

Lolemba Prisca ndi NyaLao anapita limodzi kwa Joel wogulitsa nyama. Joel anaseka, nafunsa ngati ayamba kusema ng'oma kunyumbako. Prisca anasankha chikopacho yekha, nachinyamula yekha m'jumbo, ndipo atafika kunyumba ananena kuti mtondo wosinjira tsabolayo ukhala wa iye mwini, ndipo iye akhala pomwepo kuyang'anira kufikira chinthu chomaliza chitalowa.

NyaLao anamwetulira, n'kumupatsa adyo kuti asende.