Batani Lobiriwira

Madzi osefukira atakokolola theka la mudzi kunsi kwa phiri la Michesi, Sellina anabwera kuchokera ku Limbe kudzatenga mayi ake, a Ida. Iwo anakanitsitsa. Malowo anawasiyira ndi mayi awo, nandolo ali m'munda, ndiye akakhale m'kachipinda ka lendi ngati katundu?

Sellina anagonja, koma ndi pangano. Anaikitsa sola padenga, n'kugula foni ya mabatani akuluakulu. M'mawa uliwonse a Ida azidina batani lobiriwira, foni yake izilira ku Limbe, basi, adziwe kuti adzuka bwino. Tsiku limene sidzalira, adzabwera ndi galimoto ndipo sipadzakhalanso zokambirana.

Anthu pamudzi anayamikira. Ngakhale a Jonasi, mlongo wawo, amene ankapatuka m'mawa uliwonse kudzawadzutsa, anayamba kulunjika kudimba. Amvekere foni ija ikuwaona kale. Koma foni ili ndi maso?

M'mawa wina wa chiperoni a Ida anaterereka m'nyumba atanyamula ndowa. Chiuno chinalira, mwendo n'kukana. Anakwawa mpaka pamphasa pamene panali foni. Akanatha kudikira Sellina ayankhe, amuuze. Anaganiza za galimoto ija, anadina batani, itangolira n'kudula. Mawa lake anachitanso chimodzimodzi, akumwa madzi otsalira m'ndowa, akudziuza kuti mwendo uwongoka wokha. Ku Limbe Sellina ankangoyang'ana foni n'kupitiriza kusita, mtima uli m'malo.

Chinawaulula ndi batire. Chingwe chotchajira chinali pamwamba, pazenera, dzanja silikanafika. Foni itathima, ya ku Limbe sinalire m'mawa wotsatira, ndipo Sellina anaimbira a Jonasi, iwo n'kukathyola chitseko. Fungo la m'nyumbamo linawabweza kaye pakhomo.

"Achimwene," anatero a Ida, milomo itauma gwa, "musamuuze mwana uja."

Anali atamuuza kale. Galimoto inafika madzulo ake. Nandolo uja anadyedwa ndi mbuzi za eni.

Tsopano a Ida amagona ku Limbe, m'kachipinda koyang'ana mpanda wa njerwa. Sayenda, ndipo phiri saliona. N'zomvetsa chisoni kuti foni ija anakana kuisiya. Kukangocha amadina batani lobiriwira, ya Sellina n'kulira kuseri kwa khoma. Poyamba Sellina ankathamangira kukafunsa chavuta n'chiyani.

"Ndadzuka bwino," ankatero mayi akewo. "Pangano lija sindinaphwanye. Undibweza liti kwathu?"

Masiku ano Sellina amangoisiya ilire mpaka isiye yokha.