Ana Amene a Kamtedza Anawasiya Chiimire

Msonkhano wa aphunzitsi unali utatha, koma a Kamtedza anaimirira kuti anenepo mawu awiri. Ine ndinali kumbuyo, pa benchi ya kuchitseko, miyendo ikuwawa chifukwa kalasi yanga ilibe mpando wa mphunzitsi. Ankauza aphunzitsi atsopano za ulendo wawo wa kunja, nkhani imene imanenepa chaka ndi chaka. Akuti atalowa m'kalasi ya kumeneko ana onse anaimirira, ndipo mmene ankatuluka panalibe ndi mmodzi yemwe amene anali atakhala pansi. "Ulemu wake umenewo," anatero. "Kuno simungaupeze."

Ndinatsamira khoma, ndipo khomalo linatseguka.

Ndinapezeka m'dziko lozizira, pa sukulu ya mawindo a magalasi osasweka ndi limodzi lomwe. Ndinali ndi choko m'thumba ndi fumbi la kwathu ku nsapato. Pa mtengo wopanda masamba panapachikidwa chitsulo cha gudumu la galimoto chimene timaimba ngati belu. Chinali chathu chomwe, ndinachizindikira ndi mng'alu wake.

"Mwachedwa, a Chimphonda," chinatero chitsulocho. "Koma ndinu oyamba."

Anandilandira mayi wamtali wa tsitsi loyera, mphunzitsi wamkulu wa pamenepo. Ankalankhula Chichewa cha m'mabuku, chopanda mchere.

"Kodi inu ndi a kwawo kwa Bambo Kamtedza?"

"Timaphunzitsa sukulu imodzi, mayi. Koma si abale anga."

"Zokwanira," anatero. "Anatisiyira ngongole."

Anandilowetsa m'kalasi. Munali mipando yambiri kuposa ana, yofewa, ya nsalu, ina yamiyendo ya mateyala. Palibe amene anakhalapo. Ana onse anali chiimire kumbuyo kwa madesiki, manja m'mbali. Ena anali atamera ndevu. Mtsikana wina wa kutsogolo anali ndi mwana kumsana, naye mwanayo ataima m'nsalu momwemo.

Mayiwo anafotokoza modekha. A Kamtedza atafika, anawaphunzitsa mwambo wa kwathu woti mlendo akalowa ana aimirire, ndipo asakhale mpaka atauzidwa. Anawo anamvera. A Kamtedza anayamba kulankhula. Ananena kuti "pomaliza", kenaka "mwachidule", kenakanso "ndisanakhale pansi", ndipo galimoto ya ku bwalo la ndege inabwera n'kuwatenga ali pakati pa chiganizo.

"Bwanji osangowauza inu kuti akhale?" ndinafunsa.

"Mwambowu ndi wanu. Ife tikanena sizigwira. Ayenera kunena ndi munthu wa kwanuko."

Mawu a a Kamtedza anali akadali momwemo. Anali atayanga ngati dzungu, kukwera miyendo ya madesiki mpaka kudenga, masamba okhaokha opanda dzungu ndi limodzi. Ndinayang'ana mpando umene unali pafupi nane. Chibadwire sindinaonepo mpando wondiitana chonchija. Nditati ndikhale, unasuntha.

"Ana ayambe," unatero mpandowo.

Ndinaona kuti ntchitoyo ndi yaing'ono, mawu awiri okha. Ndinaima kutsogolo, ndinakonza tayi, ndinatsegula pakamwa. Chimene chinatuluka ndi ichi: "A mphunzitsi wamkulu, achiwiri awo, a komiti ya sukulu, makolo, ndi nonse amene mwasiya ntchito zanu..." Dzungu lija linaphuka tsamba lina. Ndinatseka pakamwa. Ndinayesanso, ndipo ndinadzimva ndikuthokoza Mulungu chifukwa cha ulendo wabwino, kenaka boma la dzikolo, kenaka oyendetsa ndege. Mphukira ina inandigwira mwendo. Mnyamata wandevu anandiyang'ana mopanda mkwiyo, monga mmene ana anga amandiyang'anira nthawi yowerukira ikadutsa.

Pa zenera panali pataima malemu a Gwaza, amene anali mphunzitsi wamkulu wathu ndisanamere imvi. Anavala jekete yomwe tinawaika nayo. Munthuyu ali moyo ankatsegula msonkhano dzuwa lili pamutu n'kuutseka nkhuku zitalowa.

"A Chimphonda," anatero, "musayambe ndi kuthokoza."

"Nanga ndiyambe ndi chiyani, ahedi? Anthu adzati kwathu kulibe mwambo."

"Kuno ndili kunoku anandipatsa mpata wolankhula tsiku limene ndinafika. Ndikadali pa kulonjera. Sanandionetsebe pogona." Anapukuta nkhope ndi mpango. "Yambirani kumapeto."

Apo n'kuti makolo atadzaza khonde, ena ndi ndodo, atanyamula zakudya za ana zimene zinazizira kalekale. Mayi wamtali uja anawaitana kuti alowe adzakhale mboni. Analowanso mkulu wa za maphunziro wa dzikolo, ndi chitsulo chija, chimene chinadzigubuduza n'kutsamira pa chitseko. Dzungu linali litandifika m'chiuno. Ndinadziwa kuti ndikanenanso "choyamba", ndidzaima pamenepo mpaka penshoni, ndipo kudzafunika kutumiza mphunzitsi wina kudzandikhazika ine.

Mawu aulemu anadzadza m'kamwa ngati malovu. Ndinawameza limodzilimodzi: a komiti, alendo olemekezeka, onse amene sindinawatchule. Anali owawa. Nditameza lomaliza, m'kamwa munatsala malo, ndipo ndinanena, osakweza mawu:

"Khalani pansi."

Ndinamva mpando ukulira, umodzi wokha, wa thabwa.

Ndinatsegula maso. Ndinali pa benchi ya kuchitseko, malovu ali pa tayi. Aphunzitsi onse anali atatembenukira kwa ine. Kutsogolo a Kamtedza anali atakhala pansi, dzanja likadali m'mwamba, pakamwa pali potsegula pang'ono, ngati munthu amene watsitsidwa minibasi asanafike pa siteji yake.

Kenaka Mayi Nankhoma a Sitandade 1 anatola chikwama chawo.

"Tamva tonse," anatero. "Mawa, anzanga."

Aphunzitsi atsopano aja anatuluka pambuyo pawo. Ine ndinatsalira pang'ono. Benchiyo ndi youma, ili ndi msomali kumapeto, koma sindinafune kuimirira msanga.