Mawaya Atatu, Paipi Imodzi

"Mpaka pano ukulimbanabe ndi paipi yomweyi?" anafunsa achimwene ake ali pakhomo, chikwama cha ulendo chili kale m'manja.

Chitsirizira anakokanso waya. Anali pa makwerero m'chipinda chimene abambo awo, mmisiri wa magetsi, ankakonzera amayi kuti aziphikiramo buledi. Uvuni inali itafika, paipi yachitsulo atakhoma kale kukhoma, koma imfa inawapeza abambowo asanalowetsemo mawaya. Maliro anali atatha, alendo atabalalika, amayi ankangosuzumira m'chipindamo n'kubwerera.

Kulowetsa mawaya kumafuna anthu awiri, wina kukankha uku, wina kukoka uko. Chiyambire ntchitoyi, Chitsirizira ankakoka, abambo akukankha. Lero anakoka, mbali inayo kuli zii. Anawasowa abambo ake.

"Timapaipi tating'ono si ito tadzaza pakona?" anatero achimwene. "Waya aliyense m'kake, umaliza wekha, ine ndikapeze basi."

"Sizitheka, achimwene. Waya wamoto akakhala yekha m'paipi yachitsulo, paipiyo imatentha. Onse atatu amayenda limodzi. Lamulo lake ndi limenelo."

"Lamulo la boma kapena la mdala?"

"Onse awiri. Kungoti la mdala linkabwera ndi kukoka khutu."

Achimwene anaseka, kenaka kuseka kunawathera pakamwa. Makutu awo ankalidziwa bwino lamulolo. Ndi lomwelo linawathamangitsa pakhomo ali mnyamata, atalumbira kuti waya sadzaugwiranso, ndipo iwo ndi abambo, anthu awiri ouma mutu, sanapezenso mpata wokhululukirana.

Anayang'ana kumsewu, anayang'ana paipi. Chikwama chinatsika pansi.

Chitsirizira anawaponyera sopo. "Pakani mawayawo aziterera. Ndipo musakankhe ngati mukukankha galimoto yakufa."

Anayamba. Manja a achimwene, ozolowera mu ofesi, ankaterereka, thukuta lili kamukamu, koma mawaya ankayenda. Atafika pokhota anakakamira. Chitsirizira anakoka ndi mphamvu, ndipo kuseri kwa khoma kunamveka kaluzu ka achimwene, kawiri, kachiwiriko kokweza. Umu ndi mmene abambo ankanenera kuti ima kaye.

Anaima. Anatsamira chipumi pa makwerero, misozi ili chuchuchu.

"Ndalakwitsa?" anafuula achimwene.

"Ayi. Kankhani."

Basi inadutsa kumsewu, palibe anaitchula.

Dzuwa litapendeka anayatsa, uvuni n'kuyamba kung'ung'udza. Amayi analowa pang'onopang'ono. Uvuniyo sanaiyang'ane n'komwe. Anapita kukhoma n'kugunditsa kuseri kwa dzanja pa paipi, monga ankachitira amuna awo m'nyumba iliyonse imene alowa, ngakhale kwa eni ake kocheza, mpaka amayi kuchita manyazi. Ana akadwala, dzanja lomwelo linkafika pachipumi chimodzimodzi.

"Yozizira," anatero amayi.

Kenaka anatembenuka, nagunditsa kuseri kwa dzanja pachipumi cha mwana wawo wamwamuna, achimwene ake a Chitsirizira, ndipo sanafulumire kulichotsa.