Kagetsi Kathima Pamutu pa Bedi

"Kathima! Ndati kathima, kodi muli kuti nonse?"

Madala ankakuwa ali chigonere, chala chikuloza kabokosi ka pamutu pa bedi. Mkamwini wawo, amene aliyense ankangomutcha Mawaya, analowa akupukuta manja pathalauza. Kabokosiko anakapanga yekha ndi zotsala za wailesi yakufa. Waya wake unkadutsa pabwalo, pamwamba pa chingwe choyanikapo zovala, mpaka m'shopu momwe mkazi wake ankasokeramo. Madala akatsokomola kuchipinda, sipika ya m'shopu inkatsokomolanso. Chiwagonekere matenda a shuga, mwana wawoyo ankasoka khutu lili komweko. Kagetsi kofiira kakamayaka, madala ankadziwa kuti akumvedwa.

Mmawa umenewo kagetsi kanali bii.

"Ndikafa muno mudzauzidwa ndi ntchentche," anatero madala.

"Musatero, bambo. Ndikaone kaye kushopu, mwina ndi batire."

Pakhomo Mawaya anapatukirana ndi azakhali, mlongo wawo wa madala, akubwera kudzazonda wodwala.

Kushopu anapeza mkazi wake akupalasa makina. Anagundanitsa timawaya ta batire, tinathetheka. Moto unalipo. Anatsata waya wa pabwalo ndi maso, sunaduke paliponse. Ndiye anapotokola kokwezera mawu mpaka kumapeto. Sipika inayamba kupuma, fuu, ngati munthu wogona.

"Iyi ili moyo," anatero. "Nanga chafa n'chiyani?"

Asanayankhidwe, sipika inalankhula ndi mawu a madala.

"Tseka chitseko. Kathima ako, satimva."

Makina anaima.

"Vundukula bulangete kumapaziko. Vula sokosi. Pang'onopang'ono iwe!"

Kenaka anamveka azakhali, munthu woti amaseka ngakhale mano akuwawa, koma mawu atachepa ngati a kamwana.

"Mayo ine, achimwene! Chala chada ngati khala ichi! Zayamba liti?"

"Kalekale. Pano kudako kwakwera mpaka apa. Tsina uone, sindimva kanthu."

"Ndiye fungo lija munkanamizira khoswe wofera kudenga?"

"Ndikanatani? Akadziwa andinyamula. Mnzanga kalipentala uja anapita kuchipatala ndi miyendo iwiri, anabwerako ndi umodzi. Ndinamuona ndi maso angawa akukwawira kuchimbudzi."

"Tsono inu mukufuna mufe nsapato zili ziwiri? Ndani akakuwerengeni miyendo kumandako?"

"Usaseke, mlongo. Ndikuopa. Lumbira kuti sunena."

Mkazi wa Mawaya, telala uja, anali atadzibaya ndi singano, magazi akudonthera pa diresi la mwini, iye osaona. Tsiku lililonse ankawasambitsa bambo ake, koma akafika kumapazi ankamuthamangitsa, amvekere mapazi ndimasamba ndekha. Khoswe uja anamusaka mpaka kusuntha kabati, mwamuna wake n'kukwera kudenga ndi tochi. Khoswe ali m'sokosi!

Anadzambatuka kuti athamange. Mawaya anamugwira mkono.

"Ukalowa ukulira akana, akulunga phazi, ndipo sadzatilolanso kuyandikira. Pukuta m'maso. Tilowe ngati tabwerera kagetsi."

"Akafa nacho chala chimenecho?" anafunsa mkazi wake.

"Nyamula chowotcherera mawaya icho, tiye."

Anapeza bulangete litabwerera m'malo mwake, azakhali atakhala mwaulemu ngati mlendo, maso kudenga. Mawaya anamasula kabokosi, n'kuyang'ana mkati. Anagwedeza waya uwu, wagwira. Uwu, wagwira. Atakhudza ka kuseri kwa kagetsi, kanangolendewera. Kanali katathothoka pomwe anawotcherera, mwina madala anakagunda potembenuka. Anatenthetsa chitsulo chake. Mtovu unadonthera pambali, n'kuyambiranso. Utsi wake unasakanikirana ndi fungo lina lija, lomwe tsopano aliyense ankalidziwa mwini wake.

Kagetsi kanati ngwee, kofiira.

"Eya," anapumira m'mwamba madala. "Tsopano muzindimva."

Mawaya anatseka kabokosi. "Bambo, m'kabokosi umu kagetsi kali ndi njira yake, mawu ali ndi njira yawo. Chinafa ndi kagetsi kokha."

"Kokha?"

"Kokha, bambo."

Madala anayang'ana kagetsi, n'kuyang'ana mwana wawo. Anali ataima kumapazi a bedi, maso ali psuu, chala chobayidwa chija atachifumbata.

"Ine sindinanene kanthu," anatero azakhali. "Mboni ndinu nonse. Wapakamwa ndi bokosi."

Palibe anaseka. Madala anatembenukira kukhoma. Panja wina ankagogoda pashopu kufuna diresi lake, anagogoda mpaka kutopa.

"Bambo," anatero telala, "kaya mundikalipira, kaya mundithamangitsa, lero mapazi ndisambitsa ine."

Dzanja la madala linatsika pang'onopang'ono, n'kugwira bulangete, n'kulikoka okha mpaka phazi linaonekera. Mwana wawo anagwira pakamwa. Mawaya anatuluka liwiro kukafuna galimoto.

Pamene telala ankalongedza zovala m'chikwama, madala analankhula nkhope ikadali kukhoma.

"Nsapato mutenge zonse ziwiri."

Mwana wawo anawerama pansi pa bedi, n'kutenga zonse ziwiri.