Chaka Chimene a Fraser Anapambana

“Chaka chake chiti?” anafunsa Reinford, cholembera chili m'mwamba.

Modesta anapukusa mutu. Anali pabenchi panja pa nyumba ya chisoni, pepala la mbiri ya bambo awo, a Fraser, lili pabondo pa mchimwene wakeyo. Abusa ankalifuna pofika masana, bokosi lisanamatidwe kupita ku ndege yobwerera kumudzi. Za kubadwa analemba, za ukwati analemba, zaka makumi atatu za ukalaliki kunjanji analembanso. Inatsala ndi nkhani ya njinga.

Abale inu, nkhani imeneyo ndani sanaimve? Miyezi isanu ndi itatu imene mkuluyo anakhala kwa Modesta ku Donholm, kudziko la eni kuno, akulandira chithandizo, ankaiyamba tiyi asanazizire. Ati paunyamata wawo ankapikisana mozungulira bwalo pa njinga yopanda mabuleki, yoti ukangosiya kupalasa imakuponya uko, ndipo tsiku lina anasiya azungu onse m'mbuyo, khamu n'kuwanyamula pamapewa. Modesta ankangoti eee, eee, maso ali pafoni, mtima uli pa minibasi ya kuntchito. Reinford akabwera kuchokera kunyumba kwake ku Karen ndiye ankachita kutuluka panja.

Lero palibe amene ankadziwa chaka, ngakhale bwalo lenilenilo. Ku Zomba kodi? Ku Limbe? Modesta anali ataimba mafoni kumudzi kuyambira m'mawa. Azakhali a Tionenji makutu anafa kalekale, ankangolira. Mnzawo amene malemu ankamutchulatchula anamuika chaka chatha. Pa intaneti dzina silinatuluke n'komwe.

Reinford anati mbiri imawerengedwa pamaso pa Mulungu, sangaikemo chinthu chopanda mutu, komanso kubwera anzake a kuofesi, anthu okonda kufunsa.

“Ndiye tiwaike ngati kalaliki basi, achimwene?”

“Unali nawo m'nyumba ndiwe. Ukanamvetsera.”

Mawuwo anamulasa Modesta chifukwa anali oona. Anafunitsitsa atangowadzutsa bambo akewo kamphindi, awafunse funso limodzi lokhalo, koma angatani? Reinford anapinda pepala lija pomwe panathera za kunjanji.

Kenaka wantchito wa pamalopo anawaitana kuti alowe. A Fraser anali gone mu suti yawo yakuda, atachepa ngati mwana wasukulu. Modesta analira. Wantchito uja anadikira pang'ono, n'kufunsa m'Chiswahili ngati angatseke.

Reinford anakweza dzanja kuti ayembekeze. Anapita kumapazi. Kenaka anawerama, anagwira mwendo wakumanja wa thalauza, anaupinda bwinobwino n'kuulowetsa m'sokosi, kuti tcheni isaulume. Umu ndi mmene bambo awo ankavalira m'mawa uliwonse, kutchalitchi komwe, ngakhale pa chikuku cha kuchipatala, ana awo akufa ndi manyazi.

Anaisalaza sokosiyo ndi chala.

“Tsekani,” anatero.