Uta Wotchipa wa Bambo a Tadala

Ndinalota amuna anga akundipatsa uta wawo wotchipa uja, wopindika nsonga ngati nyanga, umene amati ndi wa ku Mongolia. "Tauyesani, mayi a Tadala, muone mphamvu yake." Unkanunkha guluu, ukumata m'manja. Nditakoka, unalira ngati chitseko chakale, nsinga yake n'kusanduka mfundo ya chitenje chimene ndinaberekera mwana. Ndinamva Tadala akupulumuka kumsana, iwo akungokuwa kuti, "Kokani zolimba!"

Ndinadzuka mtima ukuwira. Kaya malotowa akutanthauzanji, koma utawo amaupachika pamwamba penipeni pa pogona mwana. Ndivomere, ndinawakalipira pa zimene anachita kutulo. Iwo anaseka, amvekere, "Ndiye ndipepese maloto?"

Ndinati, "Musapepese. Chotsani chidole chanucho pompano, apo ayi ndiwiritsira matewera."